ZA CHUMA PAMUDZI: Ndalama ya fodya ikalowa, iikidwe pati?

Nyengo ya msika wa fodya ikafika, boma la Chifunde limasintha nkhope. Ku Mualadzi, ku N'sadzu ndi pa chipata cha Cassacatiza amalonda amakhamukirako ngati ntchentche pa mango. Uyu wayala zitenje, uyo waimika njinga zamoto zonyezimira, winanso wabwera ndi malata, mawayilesi, mafoni ndi masola. Mowa nawo sugona m'mbiya. Bambo amene mu Januwale ndi mu Febuluwale ankadya kamodzi patsiku, tsopano akuyenda modzitukumula, thumba litatupa.

Palibe cholakwika kuti munthu asangalale ndi thukuta lake. Fodya ndi mbewu yowawa zedi. Kuyambira pa nazale, kuwokera mvula ikagwa, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha magiredi mpaka kudinda mabelo, banja lonse silipuma. Koma pali funso limene ambiri amalizemba kufikira ndalama itatha: kampani ikadula ngongole yake, kotsalako kaikidwe pati kuti chaka chamawa kabereke?

Funso limeneli limawasowetsa tulo ngakhale eni mabiliyoni a ku London ndi ku New York. Masiku ano likuvuta koposa kale chifukwa mphamvu za chuma padziko lapansi zikusuntha. Kale mawu omaliza ankachokera ku Ulaya ndi ku America. Lero China, India ndi Brazil nawonso ali m'bwalo, ndipo onse akulimbirana misika, miyala ya pansi, mitengo ndi zokolola. Wina anganene kuti zimenezo n'zakutali, sizikhudza munthu wa khasu wa m'mbali mwa Luia. Mbiri ya chigawo cha Tete m'zaka makumi awiri zapitazi ikutsutsa maganizo otero.

Tsiku limene wogula anasintha

Akuluakulu a ku Chifunde akukumbukira bwino chaka cha 2005. Anthu atabwerera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi ndi ku Zambia, pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992 litasainidwa, fodya wa bale ndiye anadzutsa midzi yambiri. M'chigawo cha Tete munali makampani angapo ogula, ndipo aliyense anali ndi dera lake lopatsidwa ndi boma. Dera la Chifunde linali m'manja mwa kampani ya Dimon ya ku America. Fodya wa kuno nthawi imeneyo ankapita kukakonzedwa m'mafakitale a ku Malawi.

Mu 2005 boma linachotsa Chifunde m'manja mwa Dimon n'kumupereka kwa Mozambique Leaf Tobacco, nthambi ya kampani ya Universal, nayonso ya ku America, imene inamanga fakitale yokonzera fodya mu mzinda wa Tete. Chaka chomwecho Dimon inaphatikana ndi Standard Commercial n'kukhala Alliance One, ndipo mu 2006 Alliance One inalengeza kuti ikuchoka m'Mozambique.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Mu 2010 bungwe la boma la America loyang'anira msika wa masheya, la SEC, linanena kukhoti kuti nthambi za Universal zinapereka ndalama zoposa madola 165,000 kwa akuluakulu ena a boma m'Mozambique pakati pa 2004 ndi 2007, ndipo kuti zina mwa ndalamazo zinakhudza chilolezo cha Chifunde. Kampaniyo inalipira ndalama ku boma la America kuti nkhani ithe, popanda kuvomera kapena kukana zimene SEC inanenazo.

Mlimi amene anamanga zigafa zake, kugula jeke ndi kulemba aganyu, sanaitanidwe pa zokambirana zonsezi. Anangodzuka m'mawa n'kumva kuti wogula wasintha. Njovu zikamamenyana, umavutika ndi udzu. Apa ndiye pali phunziro loyamba: munthu amene chuma chake chonse chili pa mbewu imodzi, yokhala ndi wogula mmodzi, wapereka makiyi a nkhokwe yake kwa anthu amene sadzawaona nkhope.

Ndipo fodya ali ndi mitambo yake kutsogoloku. Pangano la bungwe la za umoyo padziko lonse lochepetsa kusuta linayamba kugwira ntchito mu 2005. Mozambique analivomereza mu 2017, Malawi mu 2023. Sikuti fodya atha mawa ayi. China, dziko limene limalima ndi kusuta fodya wambiri kuposa lina lililonse, likadalipo, ndipo makampani akugulabe. Koma wanzeru amamanga khola lachiwiri loyamba lisanagwe.

Olemera nawonso amapsa manja

Amene akuganiza kuti kutaya ndalama ndi matenda a anthu osaphunzira okha, amve za malasha a ku Moatize. Mu 2004 kampani ya Vale ya ku Brazil inapambana mpikisano wokumba malasha kumeneko, ndipo inayamba kutulutsa mu 2011. Masiku amenewo China inkagula malasha ndi zitsulo mosaneneka, mitengo ili m'mwamba. Mzinda wa Tete unadzaza alendo, nyumba za lendi zinakwera mtengo kwabasi, ndipo anyamata ambiri a m'maboma akumpoto kuno anasiya makasu kukasaka ntchito.

Mu 2011 momwemo kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale, imene inali ndi mgodi wa Benga, pa mtengo wa madola pafupifupi 3.7 biliyoni. Inkaganiza kuti idzanyamula malasha ake pa mabwato otsika ndi Zambezi mpaka kunyanja. Boma linakana njira imeneyo. Malasha abwino anapezeka ochepa kusiyana ndi mmene ankayembekezera, ndipo mtengo wa malasha padziko lapansi unagwa. Mu Januwale 2013 mkulu wa kampaniyo, Tom Albanese, anatula pansi udindo. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa migodiyo kwa ICVL, kampani ya boma la India, pa madola 50 miliyoni okha.

Kuti zimveke bwino, zili ngati munthu wagula ng'ombe 74, patapita zaka zitatu n'kugulitsa khola lonselo pa mtengo wa ng'ombe imodzi. Chikhalirecho kampaniyi inali ndi akatswiri a miyala, owerengera ndalama ndi maloya ochuluka. Chimene inalakwitsa ndi chomwecho chimene amalakwitsa mlimi wolima tomato wambiri kutali ndi msewu: inagula katundu isanatsimikize njira yopititsira ku msika.

Vale nayo inamanga njanji ya makilomita oposa 900 yodutsa m'Malawi mpaka ku doko la Nacala, mothandizana ndi Mitsui ya ku Japan. Koma mu Disembala 2021 inalengeza kuti yagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India, pa madola 270 miliyoni, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mabiliyoni amene inalowetsa. Maiko a azungu akuchoka ku malasha chifukwa cha kusintha kwa nyengo, pomwe India akuwafunabe pa mafakitale ake a zitsulo. Motero migodi ikuluikulu ya ku Tete inachoka m'manja mwa a ku Brazil, Australia ndi Britain n'kupita m'manja mwa a ku India.

Eni migodi anasintha, koma mabanja oposa 700 amene anasamutsidwira ku Cateme pakati pa 2009 ndi 2010 anatsala komweko. Mu Januwale 2012 anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Kampani ikaluza imalongedza n'kumapita. Mwini mudzi alibe kolowera.

Nandolo wa 2016

Nkhani ya nandolo ndi ya alimi enieni. Mvula itavuta ku India zaka ziwiri zotsatana, dzikolo linasowa nandolo, amene ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku kumeneko, ndipo mtengo unakwera. Mu Julaye 2016 nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, anafika ku Maputo ndi kusaina pangano logula nandolo wa m'Mozambique. Alimi a ku Zambézia, Nampula, Tete ndi kumwera kwa Malawi anawonjezera minda. Ena anachepetsa chimanga kuti nandolo apeze malo.

Chaka chotsatira India anakolola nandolo wake wambiri. Pofuna kuteteza alimi ake, mu Ogasiti 2017 boma la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo. Mtengo kuno unagwa chagada, mwakuti alimi ena sanavutike n'kukolola komwe. Patapita zaka mtengo unadzukanso, koma ambiri anali atazula kale mitengo yawo mokwiya, kotero kuti anaphonya kawiri.

Apa pakuoneka chizolowezi chimene chimasaukitsa anthu ambiri. Mbewu ikakwera mtengo chaka chino, aliyense amathamangira komweko, ndipo chaka chamawa imachuluka n'kutsika. Ikatsika onse amaithawa, n'kukweranso. Zomwezi zimachitika ndi soya, mpendadzuwa ndi thonje. Mtengo wa chaka chatha ndi fodya wa pachala, ngwamphepo. Wako ndi amene ali pamphuno.

Za mitengo ya m'nkhalango n'zowawa koposa. Kwa zaka zambiri magalimoto akuluakulu ankatuluka m'nkhalango za Tete atasenza zipika zopita ku China. Anyamata a m'midzi ankalandira kangachepe pa mtengo umene watenga zaka zambirimbiri kuti ukule. Mu 2017 boma linaletsa kutumiza zipika zosacheka kunja, ndipo mu Malichi chaka chomwecho linachita chipikisheni chotchedwa Operação Tronco m'zigawo zingapo kuphatikizapo Tete. Ndalama za zipikazo zinatha kalekale, ndipo zitsa ndizo zatsala. Kugulitsa nkhalango kuli ngati kudya mbewu: tsiku limenelo mimba imakhuta, koma dzinja likafika palibe chobzala.

Ndalama zitatu m'thumba limodzi

Munthu wa ku Chifunde amayenda ndi metikali, kwacha ya Zambia ndi kwacha ya Malawi. Ndi mwayi, komanso ndi msampha, poti ndalama ya pepala imatha kuonda ili m'chitini momwemo.

Kumayambiriro kwa 2015 dola imodzi inali pafupi ndi mametikali 33. Mu Epulo 2016 kunabuka nkhani ya ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, zimene makampani a Ematum, ProIndicus ndi MAM anatenga kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Bungwe la IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo, ndipo pofika Okutobala 2016 dola inali itadutsa mametikali 75. Amene anakwirira ndalama yake mu 2015 anaifukula itachepa mphamvu ndi theka, ngakhale mapepala ake anali omwewo.

Kwacha ya Zambia imavina ng'oma ya mkuwa, ndipo wogula mkuwa wamkulu ndi China. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 2015, kwachayo inagwa nawo. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kubweza ngongole zake zakunja. Ku Malawi nako, mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anagulitsa chimanga kapena mbuzi kutsidya n'kusunga makwachawo poyembekeza kugula feteleza, anagona ndi ndalama ya matumba angapo n'kudzuka ndi ya ochepa.

Feteleza yemweyo amachokera kutali. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mtengo wake unakwera padziko lonse, chifukwa Russia ndi mmodzi mwa ogulitsa feteleza aakulu. Bomba lophulika ku Ulaya linamveka pa ngongole ya mlimi wa ku Mualadzi.

Tsono iikidwe pati?

Choyamba ndi nkhokwe. Banja liwerenge matumba a chimanga amene limadya pa chaka, liwaike padera ndi mankhwala a anankafumbwe, lisanayambe kuganiza za njinga yamoto. Chilala cha nyengo ya 2023/24, chimene chinachititsa Zambia ndi Malawi kulengeza kuti kwagwa tsoka, chinaonetsa kuti mbali zonse zitatu za malire zikhoza kusowa chakudya nthawi imodzi. Chimanga chogulitsidwa motchipa mu Meyi chimagulidwanso modula mu Febuluwale, ndipo kawirikawiri wogulitsa ndi wogula amakhala munthu mmodzi yemweyo.

Chachiwiri ndi zipangizo za munda wa chaka chamawa. Mbewu ndi feteleza wa chimanga zigulidwe ndalama ikadali m'manja, mitengo isanakwere mu Novembala. Thumba la feteleza lili pakona ya nyumba silimva kuti metikali kapena kwacha yagwa.

Chachitatu ndi ziweto, zimene makolo ankazidziwa kale kuti ndi banki yoyenda ndi miyendo. Mbuzi za ku Tete n'zodziwika mpaka ku Beira ndi ku Maputo. Mbuzi imaswa, imapereka manyowa, ndipo imagulitsika mbali iliyonse ya malire pa ndalama iliyonse. Ng'ombe ziwiri ndi ngolo zimalima, zimatuta zokolola, n'kubweretsanso ndalama ya hayala. Koma banki imeneyi nayo ili ndi akuba ake: chigodola chimatha kusesa khola lonse la nkhumba sabata imodzi, ndipo chitopa chimamaliza nkhuku. Amene wagula ziweto asiyeko ndalama ya katemera ndi dibi, ndipo asaike zonse pa mtundu umodzi.

Chachinayi ndi mbewu yachiwiri ndi yachitatu. Mtedza, nyemba ndi soya zili ndi ubwino umene fodya alibe: msika ukavuta zimadyeka kapena kudyetsa ziweto, zimasungika, ndiponso zimabwezera chonde m'nthaka. Ogula ake ndi ambiri, ku Tete, ku Katete ndi ku Malawi. Dimba la m'mbali mwa mtsinje, lokhala ndi pampu yaing'ono, limabweretsa ndalama m'miyezi imene fodya kulibe. Koma asanalime zambiri, munthu ayambe wadzifunsa funso limene a Rio Tinto analiphonya: katunduyu adzafika bwanji ku msika, ndipo galimoto idzadya zingati?

Chachisanu ndi kusunga pagulu. Magulu osunga ndi kubwereketsana, amene kutsidya ku Malawi amawatcha banki m'khonde, athandiza amayi ambiri kugula malata ndi kulipira sukulu. Gulu labwino limakhala ndi buku lolembedwa poyera, bokosi la maloko angapo ndi makiyi osungidwa ndi anthu osiyana. Kusunga pa foni kudzera mu M-Pesa kapena e-Mola kumateteza ku moto, chiswe ndi akuba, malinga nambala yachinsinsi isauzidwe munthu, ngakhale woimba foni wodzitcha wa ku kampani.

Palinso njira imene anthu ambiri akumudzi sanaimvepo. Damu la Cahora Bassa, limene lili m'chigawo chomwechino, linali m'manja mwa Portugal mpaka Novembala 2007 pamene Mozambique anatenga gawo lalikulu. Mu 2019 kampani ya damulo, HCB, inagulitsa 4 peresenti ya masheya ake kwa nzika za dziko lino pa mametikali 3 sheya imodzi, kudzera ku msika wa masheya wa ku Maputo. Wogula sheya amakhala mwini wa kagawo ka kampani, ndipo amalandirako phindu likagawidwa. Mtengo wa sheya umakwera ndi kutsika, ndipo madzi akachepa m'damu phindu limachepa. N'chifukwa chake kumeneku kumapita ndalama yotsala zina zonse zitakwanira, ndipo kugula kwake n'kodzera ku banki yodziwika, osati kwa munthu woyenda ndi chikwama.

Nthaka ndi sukulu

Pali chuma china chimene alendo onse, kaya a ku America, a ku China kapena a ku India, amabwerera: nthaka. Malamulo a Mozambique amati nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa. Koma lamulo la za malo la 1997 limazindikira ufulu wa anthu amene akukhala ndi kulima pamalo monga mwa mwambo wa makolo, ngakhale alibe pepala, ndiponso limati mudzi ufunsidwe kampani isanapatsidwe malo. Chikalata cha DUAT chimalimbitsa ufulu umenewu. Mlendo akafika ndi nkhani ya golide, mitengo kapena esiteti, anyakwawa ndi anthu awo afunse kuti wagula katunduyo ndani, pangano litha liti, ndipo kampani ikagulitsidwa kwa ena malonjezo adzasunga ndani. Zonse zilembedwe, ndipo mudzi usunge kope lake. Safunsa anadya phula.

Ndipo mwana amene wachotsedwa m'kalasi kuti akasoke fodya ndi ndalama yotayika kuposa zonse. Nkhani zonse zafotokozedwa pamwambazi zinayendera pa mapepala: zilolezo, mapangano, ngongole ndi masikelo. Banja limene lili ndi mwana wodziwa kuwerenga Chipwitikizi, kuwerengera chiwongoladzanja ndi kuona ngati giredi yalembedwa moyenera, lili ndi mlonda pakhomo.

Achenjerenso ndi anthu olonjeza kuti ndalama iswa kawiri pa mwezi umodzi, kaya pa foni kaya pamaso. Oyamba amalandiradi, koma amalipidwa ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo olowa akatha, mwini wake amazimirira. Ngati makampani a mabiliyoni amalephera kupeza phindu lotero, mnyamata wa suti wa pa msika walipeza kuti? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Palibe munthu wa ku Chifunde amene angaletse India kutseka msika wake, kapena kuuza China mtengo wa mkuwa. Eni migodi asintha kale kawiri, ogula fodya anasintha, ndipo adzasinthanso. Chimene chili m'manja mwa banja ndi usiku umodzi uja ndalama yangofika kumene, pamene bambo ndi mayi akhala pamphasa, ana atagona, n'kuigawa milu: wa nkhokwe, wa feteleza, wa sukulu, wa mbuzi, wa gulu. Mulu wa chitenje chatsopano ndi ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti ukhaleponso, poti munthu sagwirira ntchito mimba yokha. Koma ukhale womaliza kuwerengedwa.